PAUL NGOZI NDI MBALE ZACE

Munthu wocokera ku Lundazi akafika m'Lusaka ndi kuyenda m'dera la Kabwata, apeza mseu wina wochedwa Paul Ngozi. Ana ambiri amene amasewera m'mbali mwa mseu umenewo sadziwa mwini dzinalo. Koma acikulire amene anali anyamata m'zaka za m'ma 1970, kaya m'Lusaka, kaya ku migodi ya Kitwe, Chingola ndi Mufulira, akamva dzinalo amakumbukira kulira kwa gitala yaukali imene inali kugwedeza maholo a dansi. Munthuyo anamwalira m'caka ca 1989 ali ndi zaka 40 zokha. Cuma cimene anasiyira dziko lace ndico mbale za galamafoni, ndipo wofuna kudziwa mbiri yace ayenera kuifuna pa mbale zimenezo, popeza ndimo munatsala mau ace.

DZINA LA KUM'MAWA

Dzina lace lenileni linali Paul Dobson Nyirongo, ndipo anabadwa m'caka ca 1949. Dzina lakuti Nyirongo si lacilendo ku Lundazi, pakuti ndi mfunda wodziwika pakati pa Atumbuka, a m'Zambia ndi a tsidya lija la malire m'Malawi. Kuyambira masiku a msonkho wa atsamunda, amuna ambiri a boma la Lundazi, Atumbuka, Acewa ndi Angoni omwe, anali kusiya minda yao ndi kuyenda makilomita ngati 180 kufika ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ndi kupitirira pa mseu waukulu wa Kum'mawa kukafuna nchito m'Lusaka ndi ku migodi. Ana ao obadwira m'makomboni anakula ndi zinenero zitatu: ca makolo m'nyumba, Cinyanja ca m'tauni pabwalo, ndi Cingelezi ku sukulu. Paul Nyirongo anakulira m'komboni ya Chibolya m'Lusaka, pakati pa ana a mtundu umenewu.

Caka comwe iye anabadwa ndico caka cimene wailesi yochipa yochedwa Saucepan Special inayamba kugulitsidwa m'dziko la Northern Rhodesia pa mtengo wa mapaundi 5. Wailesi imeneyi inalowetsa nyimbo m'nyumba za anthu wamba, ndipo oimba monga Alick Nkhata anaonetsa kuti gitala ingathe kuperekeza nyimbo za m'zinenero za dziko lino. Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, anyamata a m'matauni anachera khutu ku nyimbo zina zocokera ku Britain ndi ku America, za Jimi Hendrix, Rolling Stones, Black Sabbath ndi James Brown. Anagula magitala a magetsi, nayamba kuimba m'maholo a ku migodi ndi m'mahotela. Poyamba anali kungotsanzira Azungu, koma pang'ono ndi pang'ono anasakaniza maimbidwe acilendowo ndi a kwao. Maimbidwe amenewa ndiwo anadzachedwa Zamrock.

ULENDO WA KU NAIROBI

Paul anaimba m'timagulu ting'onoting'ono ta m'Lusaka, kenaka analowa gulu la Musi-O-Tunya, la Rikki Ililonga ndi anzace, limene linakhala nthawi ku Nairobi m'dziko la Kenya. Sanakhalitse m'gulumo. Atabwerera kwao anayamba gulu lacelace, nalicha Ngozi Family. Woimba ng'oma anali Chrissy Zebby Tembo, ndipo pa mbale zochuka za gululo gitala ya liu lalikulu inali m'manja mwa Tommy Mwale. Nyirongo, Tembo, Mwale: onsewa ndi maina amene munthu wa Kum'mawa amawamva tsiku ndi tsiku m'mudzi mwace.

Dzina lakuti Ngozi linamuyenera cifukwa ca macitidwe ace pamaso pa anthu. Anali kuimba gitala mwaukali, nthawi zina ndi mano monga anali kucitira Hendrix. Analinso kugwiritsa nchito kabokosi kopondedwa ndi phazi, kamene kamakhadzula liu la gitala kuti limveke lokalipa ngati macaka odula citsulo. Liu limenelo ndilo cizindikiro ca mbale zace zoyamba.

MMENE MBALE INALI KUPANGIDWIRA

Kuti nyimbo ifike pa mbale panali nchito yaikuru. Oimba anali kuyamba ajambula nyimbo pa tepi m'nyumba yojambulira mau. Kucokera pa tepiyo amisiri anali kudula mizere yopyapyala pa mbale yofewa, napanga cikombole ca citsulo, ndipo cikomboleco ndico cinali kudinda mbale zambirimbiri pa pulasitiki yotentha. Mbale yaikuru inali kuzungulira ka 33 pa mphindi imodzi ndi kunyamula nyimbo za mphindi ngati 20 mbali iri yonse. Yaing'ono inali kuzungulira ka 45 ndi kunyamula nyimbo imodzi mbali iri yonse.

Makina odindira mbale anali ku Ndola, a kampani ya Teal. Ku Ndola komweko kunali Edward Khuzwayo, mwini wa Zambia Music Parlour, amene anaturutsa mbale za magulu ambiri a nthawi imeneyo. Nyumba zojambulira mau zinali zocepa m'Zambia, cotero oimba ambiri anali kupita ku Nairobi. Tsono pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti pa nyimbo 100 ziri zonse zoulutsidwa pa wailesi ya Zambia, 95 zikhale za m'dziko momwe. Lamulo limeneli linatsegula msika. Wailesi inasowa nyimbo, makampani anasowa oimba, ndipo Paul Ngozi anafika pa nthawi yace.

MBALE ZITATU ZA MAZIKO

M'zaka ziwiri zokha, 1976 ndi 1977, munaturuka mbale zitatu zimene mbiri yace yakhazikikapo.

Yoyamba ndi Day of Judgement, ndiko kunena tsiku la ciweruzo, ya caka ca 1976, imene inaturuka m'dzina la Ngozi Family kupyolera mwa Zambia Music Parlour. Pa mbaleyi palibe zokometsera: gitala, gitala ya liu lalikulu, ng'oma ndi mau, basi. Pali nyimbo za Cingelezi monga Hi Babe, zoyenera anyamata ovina, koma pambali pa izo pali Tikondane ndi Kumanda Kwa Bambo Wanga. Apa ndipo panaonekera njira imene iye anadzatsata moyo wace wonse. Zipangizo zinali za ku London, koma nkhani zinali za manda, za maliro ndi za cibale, zimene munthu wa m'komboni anali kuzidziwa bwino.

Yaciwiri ndi The Ghetto, imene inaturuka m'dzina la Paul Ngozi mwini. Mau akuti ghetto ndi amene anthu akuda a ku America amachulira malo osauka a m'mizinda yao, ndipo iye anawatenga kunenera malo onga Chibolya kumene anakulira. Maina a nyimbo zace aonetsa kulemera kwa nkhani zimene anasankha: pali yonena za kudzipha, pali yochula Yesu Kristu, pali Bamayo, palinso Ulesi Tileke. Woimba amene anthu anali kumuona ngati wosokoneza anali kulangiza anzace monga acitira mkulu pa bwalo, kuti aleke ulesi ndi kusamala mabanja ao.

Yacitatu ndi 45,000 Volts, ya caka ca 1977, yojambulidwa ku Nairobi ndi kuturutsidwa ndi kampani ya Chris Editions. Anthu a ku migodi, amene amagwira nchito pafupi ndi nthambo za magetsi, safunikira kuuzidwa tanthauzo la dzinalo. Pa mbale imeneyi ndipo pamveka bwino kusakanizika kwa zinenero za m'komboni. Dzina la nyimbo yakuti Nizakupanga Ngozi liri m'Cinyanja ca m'Lusaka, cimene cimati "niza" pamene ca m'mabuku cimati "ndidza". Dzina lakuti Timwenge Tabene Tabene liri ndi kanenedwe ka Citumbuka, ndipo munthu wa kwa Magodi kapena kwa Mphamba ku Lundazi alimva msanga koposa munthu wa m'tauni. Palinso Atate ndi Chenjelani, ndi nyimbo ina yomvera cisoni anthu a ku Zimbabwe, amene pa nthawiyo anali pa nkhondo yomenyera ufulu wao.

Ici ndico cinasiyanitsa Paul Ngozi ndi magulu ena ambiri a Zamrock. Ambiri a iwo anaimba nyimbo zao zoculuka m'Cingelezi, poyesa kuti maimbidwe acilendo afuna cinenero cacilendo. Iye anaonetsa kuti gitala yokalipa ingathe kunyamula cinenero ca pa msika ndi ca pa maliro osacepa mphamvu. Cotero mai wogulitsa ndiwo ndi mnyamata wa ku sekondale onse anapeza cao pa mbale imodzi.

MBALE ZOTSATIRA

Sanalekere pomwepo. M'zaka zomwezo ndi zotsatira anaturutsa mbale zina zambiri, zina m'dzina lace, zina m'dzina la gulu: Viva Ngozi, Bad Character, Heavy Connection, Happy Trip ndi 99% Confusion. Gulu lace linaperekezanso Chrissy Zebby Tembo pa mbale yace yochedwa My Ancestors, pamene woimba ng'oma uja ndiye anatsogolera nyimbo. Pa oimba a Zamrock ndi ocepa amene anasiya mbale zoculuka cotere.

Koma nthawi inali kusintha. Mtengo wa mafuta unakwera kwambiri m'caka ca 1973, ndipo pofika 1975 mtengo wa mkuwa unali utagwa. Anthu a ku migodi adziwa bwino za masiku amenewo. Dziko linasowa ndalama zakunja, ndipo pulasitiki yopangira mbale, nthambo za gitala ndi zipangizo zonse zinali zogula kunja. Munthu amene malipiro ace sanali kukwanira ufa ndi mafuta ophikira sakanagula mbale. Nkhondo ya ku Rhodesia inaonjezera mabvuto. M'mwezi wa October 1978 asilikali a Ian Smith anaphulitsa msasa wa Chikumbi pafupi ndi Lusaka, ndipo pa kuukira kwa nthawi yomweyo ku Mkushi anafa Alick Nkhata. Boma linaika malamulo oletsa kuyenda usiku ndi ozimitsa nyali, motero maholo a dansi, amene anali munda wa oimba, anakhala opanda anthu. Kenaka kunabwera disiko, imene mwini bawa anali kungoliza pa makina osalipira gulu, ndi makaseti okopera mwakuba.

Magulu ambiri anapasuka, ena anasiya kuimba, ena anasamukira kunja. Paul Ngozi anapirira. M'zaka za m'ma 1980, pamene kalindula inalanda mitima ya anthu, anafewetsa gitala yace nayandikira ku maimbidwe a kwao, ndipo anaturutsa mbale monga Size 9 ndi Thokozile. Anthu anapitiriza kumumvera cifukwa cuma cace ceniceni sicinali phokoso ai, koma luso la kunena za moyo wa m'komboni m'mau amene eni komboni amalankhula. Anaimba kufikira imfa yace m'caka ca 1989. Zaka zimenezo ndi zotsatira zinali zowawa kwa oimba a Zambia, popeza matenda a Edzi anatha ambiri a mbadwo umenewo.

KUTAYIKA NDI KUPEZEKANSO

Makina odindira mbale ataleka kugwira nchito ndipo magalamafoni atatha m'nyumba za anthu, mbale za Zamrock zinasanduka zinthu zopanda pace. Zina zinapindika ndi dzuwa, zina zinakandika, zina ana anaseweretsa. Kwa zaka ngati 20 mbiri imeneyi inatsala pang'ono kufafanizika m'dziko lomwe inabadwira.

Amene anaitola anali anthu akutali. Osonkhanitsa mbale zakale ku Ulaya ndi ku America anayamba kuzifunafuna ndi kuzigula pa mitengo yokwera. Kampani ya Shadoks ya ku Germany inadindanso The Ghetto, ndipo ya Now-Again ya ku Los Angeles inadindanso Day of Judgement m'caka ca 2014, pambuyo pace mbale zina za gululo. M'caka ca 2017 kampani yomweyo inaturutsa mbale zosonkhanitsa nyimbo za magulu ambiri, zochedwa Welcome to Zamrock. Tsono m'mwezi wa October 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga cigawo ca Nizakupanga Ngozi naciika m'nyimbo yace yochedwa Noid, pa cimbale ca Chromakopia cimene cinafika pa malo oyamba pa malonda a nyimbo m'dziko la America. Motero Cinyanja ca m'Lusaka, cojambulidwa ku Nairobi m'caka ca 1977, cinamveka m'makutu a anthu mamiliyoni patapita zaka 47, mwini wace atagona m'manda zaka 35.

Nkhani imeneyi iri ndi cimwemwe ndi manyazi pamodzi. Cimwemwe ndi cakuti nchito ya mwana wa ku Chibolya yapirira, ndipo nyimbo imene alendo anasankha ndi ija imene anaimba m'cinenero ca kwao. Manyazi ndi akuti eni ace anadikira alendo kuti awauze mtengo wa cuma cao.

Anthu ogwira nchito m'matauni anali ndi mwambo wakuti pobwerera kumudzi anyamule wailesi, njinga, galamafoni ndi mbale zace. Cotero m'nyumba zina za ku Lundazi, za ku Chipata ndi za ku migodi mungakhale mukali masutukesi akale osunga mbale zotere. Mwini sutukesi yotero acita bwino kuimika mbalezo ciriri pa malo ozizira ndi ouma, kutali ndi dzuwa, osazisanjikiza, osazipukuta ndi nsaru yokhakhala. Acitanso bwino kuitana adzukulu ace ndi kuwauza amene anaimba, caka cimene anagula mbaleyo, ndi holo imene anavinamo. Mbale imasunga mau a woimba okha, koma za masiku amene nyimbozo zinaimbidwa adziwa ndi iwo amene analipo, ndipo iwowo akucepa caka ndi caka.