Ndege za pa chithunzi ndi ndege za Wenela

M'zaka za m'ma 1950, makampani a ndege monga Pan American, TWA ndi BOAC ankapikisana posindikiza zithunzi zikuluzikulu zokopa anthu kuti awoloke nyanja ya Atlantic. Ankajambulapo nyumba zosanjikizana za ku New York, nsanja ya Eiffel, ndi ndege yonyezimira pamwamba pa mitambo. Mu 1952 anayambitsa matikiti otchipirako, ndipo pa 26 Okutobala 1958 Pan American inatsegula ulendo wa Boeing 707 wochoka ku New York kupita ku Paris. Uthenga unali umodzi: dziko lachepa, aliyense angathe kuyenda.

Ku Cape Town liwu lakuti aliyense linali ndi malire. Kufupi ndi Maitland kunali bwalo la ndege la Wingfield, kumene ndege za Imperial Airways zinayamba kufikitsa makalata a ku London mu 1932. Moyandikana ndi bwalolo munali Windermere, mudzi wa zisakasa za malata mmene munkakhala anthu akuda odzafuna ntchito. Iwo ndege ankangoimva ikulira pamwamba pa denga. Pomatha zaka za m'ma 1950, pamene zithunzi zija zinkalalika ufulu woyenda, boma la tsankho linkagwetsa Windermere, n'kumasamutsira amuna ku Langa, mabanja ku Nyanga.

Komatu si kuti anthu a chigawo chathu sanakwere ndege nthawi imeneyo. Bungwe la Wenela, lolemba anthu ntchito za m'migodi ya golide ya ku Joni, linali ndi ndege zake zonyamula amuna kuchoka ku Nyasaland kukawatsitsa ku Francistown, kumene ankakwera sitima. Ulendo umenewu sunkafuna chithunzi chokopa: msonkho ndi umphawi zinkakwanira.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown. Anthu 78 anafa, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kumudzi, ndipo Pulezidenti Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu ntchito za m'migodiyo.

Lero zithunzi za Pan American zimagulidwa pa mtengo wokwera ngati zaluso zakale. Mbiri ya okwera ndege za Wenela yatsalira makamaka pakamwa pa adzukulu awo, ndipo ikapanda kulembedwa, idzapita nawo limodzi.