Mbiri ya mankhwala a khansa: kuyambira pa chiphe cha kunkhondo

Mankhwala oyamba a khansa anachokera kunkhondo. Pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, madokotala anaona kuti asilikali amene anakhudzidwa ndi utsi wakupha wa mustard gas ankatha maselo oyera m'magazi. Mu 1942, Louis Goodman ndi Alfred Gilman a ku yunivesite ya Yale anadzifunsa kuti: ngati chiphechi chimapha maselo oyera, sichingaphenso maselo oyera amene akuchulukana mosaletseka? Wodwala wina wa lymphoma anabayidwa nitrogen mustard, m'bale wa chiphecho, ndipo zotupa zake zinaphwa, koma sipanatenge nthawi zinabwereranso. Nkhaniyi inasungidwa ngati chinsinsi cha asilikali mpaka 1946.

Ku Boston, Sidney Farber anadzera njira ina. Selo likafuna kugawikana limasowa folic acid kuti lipange DNA. Farber anapatsa ana odwala khansa ya m'magazi mankhwala otchedwa aminopterin, ofanana kwambiri ndi folic acid, kuti selo liwatenge koma ntchito iime. Mu 1948 analengeza kuti ana 10 mwa 16 anapezako bwino kwa kanthawi. Mankhwalawo anachokera ku gulu la Yellapragada Subbarow, katswiri wa ku India amene dzina lake silitchulidwa mokwanira, ndipo n'zomvetsa chisoni chifukwa methotrexate amene akuthandiza anthu mpaka lero anatulukanso kumeneko.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi kaduwa kamene timakadutsa tsiku ndi tsiku pakhomo: ka maluwa apinki kapena oyera, masamba onyezimira, kosaopa chilala. Kwawo ndi ku Madagascar. Robert Noble ndi Charles Beer a ku Canada ankakafufuza poyembekeza mankhwala a shuga. Shuga sanatsike, koma maselo oyera a makoswe oyeserapo anatsika kwambiri, ndipo mu 1958 analengeza za vinblastine. Posakhalitsa kunabwera vincristine, amene amasokoneza timaulusi tokoka ma chromosome pamene selo likugawikana. Lero vincristine, pamodzi ndi cyclophosphamide amene ndi mdzukulu wa nitrogen mustard uja, amaperekedwa pa dripi kwa ana odwala Burkitt lymphoma ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Imeneyi ndi khansa yotupitsa nsagwada kapena mimba ya mwana m'milungu yochepa, koma imamva mankhwala msanga akayambidwa nthawi yabwino. Wina asaganize zowiritsa masambawo: mankhwala ali m'menemo ndi ochepa zedi, ndipo chomeracho chili ndi poizoni.

Mu 1965 Barnett Rosenberg anaona kuti mabakiteriya aleka kugawikana pafupi ndi zitsulo za platinum zodutsamo magetsi. Apo panachokera cisplatin, amene anavomerezedwa mu 1978. Kenaka mu 2001 imatinib anasonyeza kuti n'zotheka kulunjika pa puloteni imodzi yolakwika m'malo mopha selo lililonse logawikana.

Ubongo ndiwo wakhala wovuta. Mitsempha yake ya magazi ndi yothinana moti mankhwala ambiri salowa. Temozolomide, amene anapangidwa ku yunivesite ya Aston ku Birmingham, ndi mmodzi mwa ochepa amene amadutsa. Komanso ubongo, ngakhale ndi 2 peresenti yokha ya kulemera kwa thupi, umadya pafupifupi 20 peresenti ya okosijeni, ndipo zotsalira za ntchitoyi zimawononga maselo. Chishango chake chachikulu ndi glutathione. Vuto ndi loti chotupa nachonso chimapanga glutathione wambiri, amene amagwira cisplatin asanafike pa DNA. Mu 1979 Owen Griffith ndi Alton Meister anafotokoza za buthionine sulfoximine, woletsa selo kupanga glutathione, koma mpaka pano sanakhale mankhwala a tsiku ndi tsiku m'zipatala. Kuvula chotupa chishango n'kusiya maselo abwino otetezeka si ntchito yamasewera.

Pena akatswiri apeza yankho pa nthawi yoperekera mankhwala. Cisplatin amagonthetsa ana ambiri, ndipo mu 2022 dziko la America linavomereza sodium thiosulfate kuti ateteze makutu awo. Amaperekedwa patapita maola 6 dripi ya cisplatin itatha, kuti chotupa chiyambe chalandira nkhonya yonse chitetezo chisanafike.