"Sata": zana la ku Finland lidachokera kuti?

Ena mwa inu mwafunsa za mawu a Chifinishi akuti "sata". Tanthauzo lake ndi zana, 100. Mukamagula juzi pamsika wa Kauppatori ku Helsinki, wogulitsa n'kunena kuti "sata euroa", dziwani kuti akufuna mayuro 100.

Chokoma chili pa gwero lake. Chifinishi si cha banja la zinenero za Indo-European, ndi cha Uralic, limodzi ndi Chiestonia ndi Chihangare. Mawuwa tsono ndi obwereka. Makolo a anthu olankhula zinenerozi adawatola zaka pafupifupi 4,000 zapitazo kwa anansi awo olankhula chinenero cha Indo-Iranian, m'dera lomwe lero ndi Russia. Nchifukwa chake Chisanskriti cha ku India chimati "śatam", Chiestonia "sada", Chihangare "száz". Kubwerekaku n'kwakale zedi, moti eni ake ambiri saona n'komwe kuti mawuwa ndi achilendo.

Nafenso atikhudza pang'ono. Muzu womwewo udabala "centum" m'Chilatini, momwe mudachokera "peresenti" yathu ija ya pa chiwongoladzanja. Mukamva "sata", kumbukirani kuti ndi mbale wake wa "peresenti".