Joseph Mukasa, Mtumiki Amene Anadzudzula Mfumu

Akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi. Koma kutsina khutu la mfumu nkobvuta, pakuti mfumu iri ndi mikondo. M'dziko la Buganda munali munthu amene analimba mtima kutero, dzina lace Joseph Mukasa Balikuddembe.

Mukasa anali mtumiki wa Kabaka Mutesa, ndipo anabatizidwa ndi Bambo Lourdel wa mpingo wa Katolika m'caka ca 1882. Mutesa atamwalira mu 1884, mwana wace Mwanga analowa ufumu akali mnyamata, naika Mukasa kukhala kapitao wa pa nyumba yace. Poyamba Mwanga anamkhulupirira ndithu, cifukwa Mukasa ndiye anaulula ciwembu cimene Katikiro, nduna yaikuru, anapangira mfumu. Kuyambira pamenepo ndunayo inamsungira cakukhosi. Mfumu nayonso inayamba kuipidwa naye, popeza anali kucinjiriza anyamata a pa bwalo pamene iyo inafuna kucita nao zonyansa.

M'caka ca 1885 kunamveka kuti Bishopo James Hannington wa mpingo wa Anglican alinkudza ku Buganda podzera ku Busoga, kum'mawa. Abaganda anali kuopa njira imeneyo, poyesa kuti ndimo mudzadzera adani odzalanda dziko. Mwanga analamula kuti aphedwe, ndipo anaphedwadi pa 29 October.

Nduna zinangokhala cete. Mukasa yekha anaima pamaso pa mfumu, naiuza kuti yacimwa pakupha mlendo wosamva mlandu wace, ndi kuti atate wace Mutesa sanaphe Mzungu. Bishopoyo sanali wa mpingo wace, ndiponso sanaonane naye. Cimene cinamlankhulitsa ndico cilungamo cokha.

Patapita masiku owerengeka mfumu inadwala itamwa mankhwala a Bambo Lourdel, ndipo inanamizira Mukasa kuti anapangana ndi Azungu kuti aiphe. Katikiro anapeza danga lace. Pa 15 November 1885 anapita naye ku Nakivubo. Iye anakana kumangidwa, nayenda yekha. Asanafe anatumiza mau kwa Mwanga akuti wamphera cabe, koma wamkhululukira. Alape tsono, cifukwa akapanda kulapa mlanduwo ukakambidwa pa bwalo la Mulungu. Anamdula mutu, natentha mtembo wace.

Mwanga anayesa kuti ena acita mantha, koma usiku womwewo Charles Lwanga ndi anzace anapita kwa ansembe kukapempha ubatizo. Pa 3 June 1886 Lwanga ndi Akristu ena ambiri, a Katolika ndi a Anglican omwe, anatenthedwa ku Namugongo.

Mu 1964 Papa Paul VI anawerengera Akatolika 22 a ku Uganda pakati pa oyera, ndipo woyamba kufa mwa iwo ndiye Mukasa. Mwanga anafera ku Seychelles mu 1903, Angerezi atamcotsa pa ufumu. Nduna zomuyamikira anali nazo zambiri, koma mnansi womtsina khutu anamupha yekha.