Dokotala Amene Analembera Ana

Mu mzinda wa Warsaw, m'dziko la Poland, munali Myuda wina dzina lake Henryk Goldszmit, amene pa mabuku ake ankadzitcha Janusz Korczak. Iyeyu anali dokotala wa ana, koma m'chaka cha 1912 anasiya ntchito ya m'chipatala nakhala woyang'anira nyumba ya ana amasiye achiyuda.

Usiku ana atagona, Korczak ankalemba. Buku lake lomveka koposa, lolembedwa m'chinenero cha ku Poland, limasimba za kamnyamata kotchedwa Maciuś, kamene kanalowa ufumu atate wake atamwalira. Mfumu yaing'onoyo inafuna kukonza dziko, ndipo inakhazikitsa bwalo la malamulo la ana okhaokha. Poyamba zinakoma. Koma pamene ana anatenga ntchito za akulu, nawatumiza akuluwo kusukulu, zinthu zinasokonekera, adani analowa m'dziko, ndipo mfumuyo inapirikitsidwira ku chilumba. Wolemba wina akadakometsa mathero kuti ana asalire. Korczak sanatero, pakuti ankakhulupirira kuti mwana ndi munthu kale, woyenera kumva zoona, ngakhale zowawa.

M'chaka cha 1926 anayambitsanso nyuzipepala yotchedwa Mały Przegląd. Olemba ake anali ana eni ake. Ankalembamo madandaulo awo a kusukulu ndi a kunyumba, ndipo amene kale ankangowerenga anaona kuti mawu awo nawonso angathe kusindikizidwa. Nyuzipepalayo inatuluka kufikira 1939, chaka chimene ankhondo a Hitler analowa m'Poland.

M'chaka cha 1940 Ayuda a mu Warsaw anatsekeredwa m'chigawo chozingidwa ndi linga, mmene njala ndi nthenda zinapha anthu ambirimbiri. Ngakhale mmenemo nthano sizinaleke. Mu July 1942 ana amasiye aja anachita sewero la Rabindranath Tagore wa ku India, lonena za mnyamata wodwala amene saloledwa kutuluka m'nyumba, nangoyang'ana dziko pazenera kufikira imfa yake. Anawo anali kuidziwa bwino nkhani yotere.

Mu August chaka chomwecho asilikali anadza kudzatenga anawo, okwana ngati 200. Mabwenzi anali atamuuza Korczak kuti angathe kumubisa kunja kwa linga, koma iye anakana. Anayenda nawo ana ake kufikira ku sitima yopita ku Treblinka, kumene onse anaphedwa, pamodzi ndi Stefania Wilczyńska, mayi amene analera naye anawo zaka 30.