Amisiri okonza zipangizo zachipatala: ntchito yawo ndi momwe amaiphunzirira m'maboma a Dowa ndi Ntchisi

Mmisiri wokonza zipangizo zachipatala ndi munthu amene ntchito yake ndi kuika, kuyesa, kusamalira ndi kukonza makina amene madotolo, anamwino ndi azamba amagwiritsa ntchito pothandiza odwala. Sapereka mankhwala, sabaya jakisoni, ndipo odwala ambiri amatuluka m'chipatala osamuona nkhope. Komabe mwana wodwala chibayo akamapuma mothandizidwa ndi makina pachipatala chachikulu cha boma la Ntchisi, kapena mayi akamachitidwa opaleshoni yobereka pachipatala cha Dowa, moyo wawo umatsamira pa ntchito imene mmisiriyo anagwira dzulo kapena mwezi watha. Luso limeneli limayambira m'kalasi, koma limakhwima pamene wophunzira akhala nthawi yaitali akugwira ntchito pafupi ndi mmisiri wodziwa kale.

Zipangizo ndi zimene zimaziwononga

Makina amene amaonetsa bwino kufunika kwa mmisiri ndi aja opangira mpweya wa okosijeni, amene amakhala pambali pa bedi la wodwala. Mpweya umene tonse timapuma uli ndi magawo 21 okha pa 100 a okosijeni, pamene magawo 78 ndi mpweya wina wotchedwa nayitirojeni. Makinawa amakoka mpweya wa m'chipinda ndi kuupanikiza kuti udutse m'timigolo tiwiri todzaza ndi timiyala tonga mchenga totchedwa zeolite. Timiyalati timagwira nayitirojeni ndi kulola okosijeni kudutsa. Timigoloti timalandizana ntchito: kamodzi kakamasefa, kenako kamakhala kakutaya nayitirojeni amene kagwira. Makina abwinobwino amatulutsa okosijeni wofika magawo 90 pa 100 kapena kuposerapo, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati akatsika kuchepera pa magawo 82, makinawo ayenera kuchotsedwa m'wodi kuti akakonzedwe.

Choopsa chake n'chakuti makina otere amatha kulira bwinobwino, madzi a m'botolo lake n'kumabwata monga mwa masiku onse, pamene chimene chikufika m'mphuno mwa mwana ndi mpweya wamba. Khutu silingazindikire zimenezi, ngakhale diso. Pamafunika kachipangizo koyezera mphamvu ya okosijeni, ndi munthu wodziwa kukagwiritsa ntchito amene amayendera makinawo pa nthawi yoikika. Adani aakulu a timiyala tija ndi fumbi ndi chinyezi, ndipo zonse ziwirizi sizisowa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi: fumbi la m'chilimwe limatseka sefa, chinyezi cha m'dzinja chimafooketsa timiyalato. Sefa ya kunja imangofuna kutsukidwa ndi kuumitsidwa sabata iliyonse, ntchito ya mphindi zochepa, koma ikaiwalika kwa miyezi ingapo makina onse amatha.

Zipangizo zina nazo zili ndi malamulo ake. Firiji yosungira katemera iyenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8. Akatemera ena amaonongeka akatenthedwa, ena akaundana, ndipo katemera woonongeka nthawi zambiri amaoneka chimodzimodzi ndi wabwino. Makina ophera tizilombo pa zida za opaleshoni amagwiritsa ntchito nthunzi yotentha madigiri 121 kapena 134, ndipo mphira wa pachitseko chake ukangobooka, kutenthako sikukwana. Pali makina oyamwa mamina ndi magazi, nyale za m'chipinda cha opaleshoni, zofunditsira ana obadwa masiku osakwana, sikelo, zoyezera kuthamanga kwa magazi, mamaikulosikopu a ku labotale, komanso majenereta ndi magetsi a dzuwa amene amatenga malo magetsi a ESCOM akazima.

Kafukufuku amene akatswiri a ku Duke University ku America, Lora Perry ndi Robert Malkin, anasindikiza m'chaka cha 2011 anapeza kuti m'zipatala za maiko osauka zimene anaunika, pafupifupi zipangizo 4 pa 10 zilizonse sizinkagwira ntchito. Kafukufuku wina wa pasukulu yomweyo anasonyeza kuti zambiri mwa zipangizo zakufazo zinkatha kudzuka popanda kuitanitsa zitsulo kuchokera kunja. Vuto limakhala fyuzi yopsa, waya woduka, batire lotha mphamvu, paipi yotsekeka, kapena wogwiritsa ntchito amene sanaphunzitsidwe. Zimenezi zikusonyeza kuti chosowa chachikulu ndi munthu wodziwa amene ali pafupi.

Vuto la mtunda

Mu Unduna wa Zaumoyo, ntchito yosamalira nyumba ndi zipangizo za zipatala ili m'manja mwa nthambi ya Physical Assets Management, imene ogwira ntchito amaitchula mwachidule kuti PAM. Nthambiyi ili ndi magulu a amisiri m'zipatala zikuluzikulu za ku Mzuzu, Lilongwe, Zomba ndi Blantyre, ndipo chipatala cha boma lililonse chimakhala ndi gawo lake lokonza zinthu. Kwa Dowa ndi Ntchisi, thandizo lalikulu limachokera ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe.

Zipatala za Mponela, Madisi ndi Mtengowanthenga zili m'mbali mwa msewu wa M1, choncho kuzifikira n'kosavuta. Nkhani imasintha munthu akalowa m'mapiri, kumene zipatala zing'onozing'ono monga za Nthondo, Chinthembwe ndi Kansonga m'boma la Ntchisi zimafikiridwa podzera m'misewu yafumbi imene imaterera ndi kukumbika mvula ikagwa. Makina akafa kumalo otere, amayamba adikira galimoto, galimoto imadikira mafuta, ndipo akafika kumene akukakonzedwa amapeza mzere wa makina ena ochokera m'maboma ena. Masabata onsewo, wodwala amene akanathandizidwa pafupi ndi kwawo amatumizidwa kutali, ndipo banja limagulitsa soya kapena mbuzi kuti lipeze ndalama yoyendera ndi chakudya cha womudikirira. Zipatala za mipingo zimene zili pansi pa bungwe la CHAM zimakumana ndi vuto lomweli.

Kuphunzira pamanja pa mmisiri

Kaphunziridwe aka si kachilendo kwa anthu a m'maboma awiriwa. Wosula makasu, kalipentala, telala, wokonza njinga zamoto pa Mponela, ambiri a iwo anayamba ndi kupatsira zida mmisiri wamkulu, kenaka kugwira tintchito ting'onoting'ono, mpaka tsiku limene anasiyiridwa ntchito yonse. Chimene boma linachita ndi kuika kaphunziridwe kameneka m'malamulo. Lamulo la m'chaka cha 1999 linakhazikitsa bungwe la TEVETA kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zaluso, ndipo olemba anthu ntchito amapereka msonkho wa gawo limodzi pa 100 la malipiro a antchito awo kuti lithandize maphunzirowa. Wophunzira amene wasankhidwa amakhala miyezi ina kusukulu ya zaluso, monga ya Lilongwe, Namitete kapena Salima, miyezi ina kumalo a ntchito, ndipo amasinthasintha chomwecho mpaka amalize. Kuyambira m'chaka cha 2015 boma linayambanso kutsegula sukulu za zaluso za m'madera, ndipo ina mwa izo ndi ya Mponela m'boma la Dowa.

Maluso a zamagetsi, zamafiriji ndi zamagetsi a dzuwa amene amaphunzitsidwa m'sukulu za zaluso ndiwo maziko a ntchito yokonza zipangizo zachipatala. Pamwamba pake pali maphunziro a uinjiniya wa zipangizo zachipatala ku Malawi University of Science and Technology ku Thyolo, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2014, ndi ku MUBAS ku Blantyre, imene kale inkatchedwa Polytechnic. Mainjiniya amenewa ndi ofunika pokonza mapulani, pogula zipangizo ndi pothana ndi makina ovuta, koma sangapezeke pachipatala chilichonse cha m'mapiri tsiku lililonse. Danga limene limatsala pakati pa injiniya ndi wodi ndilo limafuna mmisiri wophunzira pogwira ntchito.

Dziko la Rwanda linayesa njira imeneyi kuyambira cha m'ma 2009, mothandizidwa ndi bungwe la Engineering World Health. Anthu amene ankagwira kale ntchito m'zipatala ankapita kukalasi kwa miyezi iwiri, n'kubwerera kuchipatala chawo kukagwiritsa ntchito zimene aphunzira, kenaka n'kupitanso kukalasi, mpaka zaka zitatu. Ubwino wake unali wakuti chipatala sichinkataya munthu wake kwa zaka, ndipo wophunzirayo ankabwera kukalasi ndi mafunso ochokera pa makina enieni amene amusowetsa tulo. Kuno kwathu, makina othandiza ana akhanda kupuma otchedwa Pumani, amene anapangidwa mogwirizana ndi Rice University ya ku Houston ndi madotolo a ku Queen Elizabeth Central Hospital, anapangidwa dala kuti akhale osavuta kukonza. Oyambirira ake ankagwiritsa ntchito mapampu a mtundu womwe amaika m'mathanki owetera nsomba za m'nyumba. Pulogalamu ya NEST360, imene inayamba m'chaka cha 2019, imaphunzitsa amisiri pamodzi ndi anamwino, chifukwa makina amakhalitsa pamene woagwiritsa ntchito ndi woakonza akumvana.

Wophunzira watsopano sayamba ndi kumasula makina. Amayamba ndi chitetezo: kupukuta ndi mankhwala chipangizo chilichonse chochokera m'wodi asanachigwire, popeza chikhoza kukhala ndi magazi kapena makhololo a wodwala chifuwa chachikulu, kusayandikiza mafuta, girisi kapena moto pamene pali okosijeni, kusakhudza makina amene alumikizidwa kwa wodwala popanda chilolezo cha namwino. Kenaka amaphunzira kulemba kaundula wa zipangizo zonse, nambala ya chilichonse, kumene chili, ndi tsiku limene chinaonedwa komaliza. Ntchito yolembayi achinyamata ambiri amaiona ngati yotopetsa, koma chipatala chopanda kaundula sichidziwa chimene chili nacho, ndipo chimapempha makina atsopano pamene ena angotsekeredwa m'chipinda chosungira katundu chifukwa cha fyuzi. Akazolowera, amayamba kutsuka masefa, kusintha mapaipi, kuyeza magetsi, kuwotcherera mawaya, ndi kutsata vuto pang'onopang'ono kuyambira pa soketi mpaka m'kati mwa makina. Chomaliza kuphunzira ndi kudziwa pamene ayenera kulekera. Makina a X-ray ndi ogonetsera odwala pa opaleshoni si a wophunzira, ndipo mmisiri wabwino sachita manyazi kuimbira foni ku Lilongwe.

Njirayi ili ndi zofooka zake, ndipo n'koyenera kuzitchula. Mmisiri wamkulu amapatsira wophunzira zizolowezi zake zonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Ngati iye amalumikiza waya m'malo mwa fyuzi, wophunzira adzachitanso chimodzimodzi, ndipo tsiku lina makina adzapsa. Ophunzira ena amasandutsidwa otumidwa, chaka n'kutha asanagwirepo sipanala. Komanso amisiri okhwima amene angaphunzitse anzawo ndi ochepa. N'chifukwa chake kuphunzira pamanja kuyenera kuyenda limodzi ndi kalasi, buku lolembamo ntchito iliyonse imene wophunzira wagwira losainidwa ndi womuyang'anira, ndi mayeso oyendetsedwa ndi anthu ena osati amene anamuphunzitsa. Kukonza wailesi ndi kukonza makina opumira kumafanana pa mawaya, koma wailesi ikakonzedwa molakwika mwini wake amangoibweza mawa lake.

Kwa achinyamata ndi makolo

Mnyamata kapena mtsikana amene akufuna ntchitoyi alimbikire masamu, sayansi ndi Chingerezi, pakuti mabuku a makina ambiri amalembedwa m'Chingerezi. Maphunziro a m'sukulu za zaluso za dziko lonse amafuna satifiketi ya MSCE. Bungwe la TEVETA limalengeza za malo m'nyuzipepala, pawailesi ndi pa intaneti, ndipo ofesi ya zantchito ya paboma imathandiza ofuna kudziwa zambiri. Amene anaphunzira kale zamagetsi kwa mmisiri wa pamsika akhoza kufunsa kuofesi yomweyo za mayeso a boma a ntchito zamanja, kuti luso lawo likhale ndi pepala. Malo a sukulu sagulidwa kwa munthu. Aliyense wopempha ndalama polonjeza malo akanenedwe kupolisi kapena ku Anti-Corruption Bureau.

Kwa opereka mphatso ndi odikirira odwala

Amalonda, mipingo ndi abale okhala kunja amene akufuna kupereka makina kuchipatala ayambe afunsa kuofesi ya zaumoyo ya paboma. Magetsi a m'dziko muno ndi a mavoti 230, pamene makina ambiri ochokera ku America amapangidwira mavoti 110 mpaka 120, ndipo akangolumikizidwa popanda thiransifoma amapsa nthawi yomweyo. Wopereka afunse ngati makinawo akubwera ndi buku lake, ngati zitsulo zake zikupezeka, ndi ngati pali amene adzaphunzitse namwino ndi mmisiri wa pachipatalapo.

Odikirira odwala m'wodi asapotokole mabatani a makina a okosijeni, asayanike zovala pamwamba pake kapena kuwakankhira kukhoma, chifukwa amafuna mpata wokokera mpweya. Asayatse kandulo kapena kulowetsa mbaula pafupi nawo, ndipo asazule pulagi ya makina alionse kuti atchaje foni. Makina akayamba kulira mwachilendo kapena kuyatsa nyale yofiira, auze namwino nthawi yomweyo.