Kumene ndalama za chikopa zinkapita

Adzukulu anga, inu mukamva za Press mumaganiza za masheya ndi maofesi a ku Blantyre. Masiku athu Press inali ya Kamuzu. Inayamba ngati kampani yosindikiza nyuzipepala ya chipani, Malawi News, koma m'zaka za m'ma 1970 inali itatenga minda ya fodya, masitolo a PTC ndi gawo m'mabanki onse awiri, National Bank ndi Commercial Bank. Woyendetsa zonsezi anali Aleke Banda.

Chuma chimenecho mizu yake inali kuno. Mu 1971 Farmers Marketing Board inasanduka ADMARC, ndipo mlimi wa ku Dowa kapena ku Ntchisi analibe kwina kogulitsa mtedza wa chalimbana ndi fodya wa chikopa. Chikopa si fodya wamasewera, ana inu. Munthu ankachezera kusonkhezera moto m'balani, utsi uli tolo, maso ali psuu, kenaka kusankha masamba, kumanga ndindi, kukweza pangolo mpaka pamsika wa Mponela. Mtengo ankaika ndi aboma, ndipo unali wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene fodya yemweyo ankagulidwa kuokushoni. Phindu lotsalalo ADMARC inkabwereketsa eni maesiteti, ndipo wamkulu mwa iwo anali Press. Fodya wa bale, amene anali ndi ndalama, lamulo linkaletsa mlimi wa m'mudzi kulima pamunda pake. Anyamata athu ambiri anapita kukakhala matenanti ku Kasungu.

Zinayamba kuwira cha mu 1979. Mafuta anakwera, chilala chinagwa, mitengo ya fodya inatsika, kenaka nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji ya ku Beira. Press inali itakongola kumabanki ake omwe, ndiye akanaikaniza ndani? Italephera kubweza, mabankiwo ndi ADMARC anatsala pang'ono kugwa nayo limodzi. Aleke anachotsedwa mu 1980, nakakhala kundende ya Mikuyu mpaka 1992.

A World Bank atabwera ndi ngongole yawo mu 1981 anaumirira kuti Press ikonzedwe. Boma linasenza ngongole zake, ndiye kuti anazisenza ndi okhoma msonkho, alimi omwe aja a chikopa. Chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mlimi analipira kawiri, poimanga ndi poipulumutsa, koma bale anamulola kulima pamunda pake mu 1990.